Mpasa ndi Mtsinje wa Bua: Mbiri ya Nsomba Yobwerera Kwawo

Chuma chimene makolo amasiyira mbumba yawo chili pawiri. Chilipo chimene chimaonekera pabwalo tsiku la mwambo: ng'oma, magule, zovala za mafumu ndi mayina a mibadwo amene amatchulidwa motsatana. Chilipo china chimene sichifika pabwalo chifukwa chili m'nthaka, m'nkhalango ndi m'madzi, komatu ndicho chinadyetsa ovina ndi oimba ng'oma kuyambira kalekale. Nsomba ya mpasa ili m'gulu lachiwirili. Kwa mibadwo yosawerengeka nsombayi yakhala ikuchoka m'Nyanja ya Malawi chaka ndi chaka n'kukwera mitsinje kukaswana, ndipo midzi ya m'mbali mwa Bua, Linthipe, Dwangwa, Luweya, North Rukuru ndi Songwe inkadziwa kusintha kwa nyengo poona ulendo wake. Lero nsombayi yachepa m'mitsinje yambiri, ndipo Bua ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene ikali kuilandira. Mbiri ya kuchepa kwake, ndi ya anthu amene aimirira kuti isathe, ndi mbiri ya dziko lino m'zaka zoposa 160 zapitazi.

Nsomba ya m'nyanja yobadwira kumtsinje

Kwawo kwa mpasa ndi m'Nyanja ya Malawi ndi m'mitsinje yothira m'nyanjayi basi. Kwina kulikonse padziko lapansi nsombayi sipezeka. Anthu a kutsidya, ku Tanzania, kumene imakwera mtsinje wa Ruhuhu, amaitcha mbasa. Thupi lake ndi lalitali, lonyezimira ngati siliva, la mamba ang'onoang'ono. Akatswiri a sayansi amaitcha Opsaridium microlepis, ndipo liwu lachiwirilo limanena za kuchepa kwa mamba akewo. Mbale wake wapafupi ndi sanjika, imene ndi yocheperapo msinkhu, ndipo usipa ndi ntchila nazo ndi za kubanja komweko.

Nsombayi ikakula imakhala m'nyanja, kumene imasaka usipa ndi tinsomba tina. Mvula ikamatha, madzi a m'mitsinje akayamba kuyera, nsomba zokhwima zimasonkhana kumathiriro n'kuyamba ulendo wolimbana ndi mkokomo wa madzi. Zimafunafuna malo osaya pamene madzi amathamanga pamwamba pa nsangalabwi ndi timiyala toyera. Pamenepo yaikazi imaikira mazira, yaimuna ili pambali pake, ndipo mazirawo amagwera m'mipata ya timiyalato. Madzi odutsa m'mipatamo ndiwo amawapatsa mpweya mpaka ataswa. Kuswanaku kumatenga miyezi ingapo, kuyambira m'chisanu kufikira kuchiyambi kwa chilimwe. Tiana timayamba takulira mumtsinje momwemo, kenaka timatsikira kunyanja, ndipo tikakhwima timadzakweranso mitsinje monga anachitira makolo ake. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Nayo nsombayi siiwala kuti moyo wake unayambira kumtsinje.

Motero nsomba ya mpasa imafuna zinthu zitatu kuti mtundu wake upitirire: njira yotseguka kuchokera kunyanja kukafika kumalo oswanirana, timiyala topanda matope, ndi madzi osaphwa m'miyezi yopanda mvula. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, chaka chimenecho chimapita popanda ana. Zonse zimene zagwera nsombayi kuyambira nthawi ya makolo zikukhudza zinthu zitatu zimenezi.

Zimene zinalembedwa m'zaka za m'ma 1860

David Livingstone anafika pa nyanjayi m'chaka cha 1859, ndipo mu 1861 iye, mng'ono wake Charles ndi Dr John Kirk anayenda pa boti m'mphepete mwa gombe la kuzambwe. Nthawi imeneyo Nkhotakota anali msika waukulu wa minyanga ya njovu ndi akapolo pansi pa ulamuliro wa Jumbe. M'buku limene abale awiriwo anasindikiza mu 1865, anafotokoza za nsomba yotchedwa mpasa kapena sanjika imene inkakwera mitsinje m'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, ndipo anaiyerekeza ndi salmon ya kwawo. Ananena kuti inali nsomba yokoma kuposa ina iliyonse imene anadyapo mu Africa. Anafotokozanso za mabiyo amene asodzi ankamanga mopingasa mitsinje, pampata uliwonse atatcherapo mono, ndiponso za maukonde otambasulidwa kuchokera tsidya lino kukafika tsidya lina chakumunsi kwa biyo. Alendowo anazizwa kuti kaya nsomba inkadutsa bwanji misampha yonseyo, ndipo sanaone nyengo imene usodziwo unkaimitsidwa. Nsomba zimene Kirk anasonkhanitsa zinatumizidwa ku London, kumene Albert Günther wa ku British Museum anailemba nsomba ya mpasa m'mabuku a sayansi mu 1864.

Umboni umenewu ukuonetsa kuti usodzi wa mpasa unali ntchito yaikulu ndi yaluso azungu asanakhazikike m'dziko muno. Ukuonetsanso kuti makolo sankaisodza mwaulesi nsombayi: ankaidikira nthawi imene inali yosavuta kugwira, ndipo ankaigwira yambiri. Tsono funso ndi lakuti, nanga bwanji sinathe nthawi imeneyo?

Choyamba, anthu anali ochepa, ndipo misika inali ya pafupi. Nsomba zinkadyedwa pamudzi, zina zinkawambidwa n'kusinthanitsidwa ndi chimanga, mapira kapena makasu kwa anthu a kumtunda, ndipo katundu yense ankayenda pamutu. Munthu sakanagwira zoposa zimene akanatha kudya, kuwamba ndi kusenza. Chachiwiri, zida zinali za kutchire ndipo zinkabwerera kutchire. Ukonde wopota ndi ulusi wa zomera monga bwazi unkatenga nthawi yaitali kuluka, unkafunika kuyanikidwa kawirikawiri, ndipo unkafumbwa msanga. Biyo la bango, nsungwi ndi mitengo linkakokoloka madzi akasefukira, ndipo chaka chilichonse linkamangidwa mwatsopano. Chachitatu, mtsinje, monga nthaka yomwe, unali m'manja mwa mafumu ndi eni dziko, kotero kuti mlendo sakanangofika n'kutchinga madzi popanda kuomba m'manja kubwalo. Chachinayi, chimene chinaposa zonse, kumtunda kunali nkhalango. Nsomba zochepa zimene zinkapulumuka pabiyo zinkakapeza timiyala toyera ndi madzi okwanira, ndipo popeza yaikazi imodzi imaikira mazira zikwizikwi, zotsalazo zinkakwanira kudzazanso nyanja.

Nthawi ya atsamunda

Dziko lino litalowa m'manja mwa Britain mu 1891, azungu ena anasowa nsomba za kwawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anabweretsa mazira a trout n'kuwaika m'mitsinje yozizira ya pa phiri la Zomba, ndipo pambuyo pake nsombayi inaikidwanso ku Mulanje ndi ku Nyika. Mlendoyu anasamalidwa ngati mwana wa mfumu: anamumangira maiwe oswetsera mazira, ndipo wofuna kumuwedza ankayenera kukhala ndi chilolezo ndi kutsata malamulo. Popeza trout imafuna madzi ozizira kwambiri, inakhalira kumapiri komweko ndipo sinatsikire kunyanja kukalimbana ndi nsomba za kuno. Koma nkhaniyi ikusonyeza kuti nzeru yoteteza nsomba yoswanira mumtsinje inalipo m'boma la nthawi imeneyo, ngakhale inayambira pa nsomba ya alendo.

Kafukufuku wa nsomba za m'nyanja anayamba mochedwerapo. Mu 1939 akatswiri atatu, Kate Ricardo Bertram, H. J. H. Borley ndi Ethelwynn Trewavas, anayendera nyanjayi, ndipo lipoti lawo linatuluka mu 1942. Pakati pa 1945 ndi 1947 Rosemary Lowe anafufuza za chambo ndi nsomba zina, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1952. Zolemba zimenezi n'zamtengo wapatali lero, chifukwa ndizo zimathandiza mbadwo uno kudziwa mmene nyanja inalili zinthu zisanasinthe.

Kusinthako kunafika m'zaka za m'ma 1950 ndi ulusi wa nayiloni. Ukonde wa nayiloni sufumbwa msanga, sufuna miyezi yoluka, ndipo umagulidwa m'sitolo ndi aliyense amene ali ndi ndalama. Amuna obwerera kuchokera ku migodi ya ku South Africa ndi ku Southern Rhodesia ankagula maukonde otere ndi ndalama zimene anasunga. Misewu ndi malole zinafupikitsa mtunda pakati pa gombe ndi misika ya m'matauni ndi m'minda ya tiyi. Malire akale, amene ankaikidwa ndi kufooka kwa ulusi ndi kulemera kwa dengu pamutu, anachoka m'zaka zochepa chabe. Matchera anayamba kutcheredwa kumathiriro a mitsinje usiku ndi usana, pamalo pomwe nsomba zamazira zimasonkhana zisanayambe ulendo.

Chenjezo la ntchila

Nsomba yoyamba kugwa inali ntchila. M'zaka za m'ma 1950 ntchila inali yachiwiri kwa chambo pakati pa nsomba za malonda za m'nyanjayi, ndipo palibe amene ankaganiza kuti ingadzasowe. Monga mpasa, nayonso imachoka m'nyanja kukaswana m'mitsinje, koma iyo imakwera ndi madzi osefukira a m'dzinja, ili m'magulu akuluakulu. Khalidwe lomwelo ndilo linaiphetsa, pakuti msodzi mmodzi wokhala ndi ukonde pamathiriro ankatha kugwira gulu lonse lisanaikire dzira ndi limodzi lomwe. Pasanathe zaka 20 ntchila inasanduka nsomba yosowa, ndipo mpaka lero sinabwerere pamlingo wake wakale. Ana ambiri obadwira kugombe masiku ano amangomva dzina lake kwa agogo awo. Pa kafukufuku wa mu 2018, bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi padziko lonse, linaika ntchila pamodzi ndi mitundu itatu ya chambo m'gulu la nsomba zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Nsomba ya mpasa inapirirako chifukwa nyengo yake yoswana ndi yaitali ndipo sikwera yonse tsiku limodzi. Komabe njira imene ntchila inadzera ndi yomwe nayo inayamba kutsata. Pofika chaka cha 2006, bungwe lomwelo linali litailemba pakati pa zamoyo zimene zili pangozi yakutha.

Matope ochokera kumtunda

Maukonde okha sakanaifikitsa pamenepo. Mdani wina anachokera kutali ndi nyanja, kwa anthu amene ambiri mwa iwo sanaionepo nsombayi ili yamoyo. Mtsinje wa Bua umayambira kumapiri a ku Mchinji, kufupi ndi malire a Zambia. Umalandira madzi a Namitete, Rusa ndi timitsinje tina, umadutsa m'madambo a chigwa chachikulu cha m'chigawo chapakati, kenaka umatsika m'matsitso a Nkhotakota n'kukathira m'nyanja chakumpoto kwa boma. Chilichonse chochitika m'minda ya ku Mchinji, Lilongwe, Dowa, Ntchisi ndi Kasungu chimakamvekera kumunsi.

Pa kalembera wa mu 1966 dziko la Malawi linali ndi anthu pafupifupi 4 miliyoni. Pa kalembera wa mu 2018 anapitirira 17.5 miliyoni. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 maesiteti a fodya anafalikira m'chigawo chapakati, ndipo kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 alimi ang'onoang'ono nawo analoledwa kulima fodya wa bale. Mitengo inagwa kuti minda itsegulidwe, kuti zigafa zimangidwe, kuti fodya awambidwe, kuti njerwa ziotchedwe ndi kuti makala apite kutauni. Madimba anasendera mpaka pakamwa penipeni pa mtsinje, ndipo bango, mikuyu ndi katope zimene zinkagwira dothi la m'mphepete zinadulidwa. Palibe amene anachita izi pofuna kupha nsomba. Aliyense ankafuna chakudya ndi fizi ya ana. Koma zotsatira zake zinatsika ndi madzi.

Nkhalango ikakhalapo, mvula imagwera pamasamba, imalowa m'nthaka pang'onopang'ono, ndipo madambo amaisunga n'kumaitulutsa chilimwe chonse. Nkhalango ikachoka, mvula imathamanga pamwamba pa nthaka itanyamula dothi, mtsinje umadzaza mwaukali kwa masiku ochepa, kenaka n'kuphwa msanga. Dothi lija limakadikha pa timiyala toswanirana n'kutseka mipata yonse. Mazira oikiridwa pamalo otero amafa chifukwa chosowa mpweya. Madzi akachepa m'chilimwe, nsomba zimapanikizika m'maiwe, ndipo pamenepo ena amathira katupe, amene sasankha: amapha nsomba zamazira, tiana, ndi tizilombo timene tianato timadya. M'zaka zaposachedwa pawonjezeka masikito, amene anagawidwa kuti ateteze anthu ku malungo koma ena amawasoka n'kukhala makoka okokolola ngakhale tinsomba tongoswa kumene. Motero njira, timiyala ndi madzi, zonse zitatu zinaonongekera limodzi.

Nkhalango ya Nkhotakota

Chimene chapulumutsa mpasa wa mu Bua ndi chakuti mtsinjewu usanafike kunyanja umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, ya makilomita pafupifupi 1,800 m'bwalo lake lonse. Nkhalangoyi inapatulidwa m'nthawi ya atsamunda pofuna kusunga nyama ndi mitengo, ndipo mabanja amene makolo awo ankakhala, kusaka ndi kusodza m'menemo anamva kuwawa kwa malire atsopanowo. Kuwawa kumeneko ndi mbali ya mbiriyi ndipo sikuyenera kubisidwa. Komabe chifukwa cha malire omwewo, mitengo ya mombo ndi mtondo ikali chiimire m'matsitso, timitsinje ta m'nkhalangomo tikali kuthira madzi oyera mu Bua, ndipo malo oswanirana akalipo.

Kwa zaka zambiri chitetezo cha nkhalangoyi chinali chofooka chifukwa chosowa ndalama ndi antchito. Njovu, zimene kale zinkaposa 1,500, zinatsala zosakwana 100 pofika mu 2015, ndipo opha nsomba mozemba ankalowa ndi maukonde ndi katupe mpaka kumaiwe a m'kati. M'chaka cha 2015 boma, kudzera ku nthambi yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire, linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liyendetse malowa. Mpanda unamangidwa, alonda anaphunzitsidwa ndi kuwonjezeredwa, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kudzakhala ku Nkhotakota. Dziko lonse linamva za njovuzo. Ochepa ndiwo anazindikira kuti mlonda amene amayenda m'mbali mwa Bua kuteteza njovu amatetezanso nsomba imene ikuikira mazira pamadzi osaya pafupi ndi mapazi ake.

Koma mpanda uli ndi polekezera. Sungaletse matope ochokera ku Mchinji ndi ku Kasungu, ndipo sungatsegule njira ya pakati pa nyanja ndi nkhalango, imene imadutsa m'midzi ndi m'minda ya mpunga. Nsomba ya mpasa isanafike pamalo otetezedwa iyenera kuyamba yadutsa m'manja mwa anthu.

Mphamvu ibwerera kwa eni madzi

Kwa nthawi yaitali malamulo a usodzi ankalembedwa ku likulu, ndipo owakhazikitsa anali alangizi ochepa oyang'anira gombe lalitali. Kugwa kwa chambo m'nyanja ya Malombe kunaonetsa kuti njira imeneyi sinali kukwanira. Mu 1993 boma linayamba kumeneko ndondomeko yoyendetsa usodzi mogwirizana ndi asodzi eni ake kudzera m'makomiti a m'madoko, ndipo lamulo la usodzi la mu 1997 linavomereza kuti anthu a m'midzi akhale ndi gawo posamala nsomba. Kuyambira mu 2012 bungwe la Ripple Africa linayamba kugwira ntchito ndi mafumu, asodzi ndi nthambi ya usodzi ku Nkhata Bay pokhazikitsa makomiti oteteza nsomba ndi malamulo a m'boma, ndipo ntchitoyo inafika ku Nkhotakota ndi m'maboma ena a m'mphepete mwa nyanja. Makomitiwa amalanda masikito ndi maukonde oletsedwa, amalondera malo oswanirana, ndipo milandu imaweruzidwa mafumu ali pomwepo.

Chitsanzo chachikulu cha mphamvu ya mwambo pa nkhaniyi chili ku chilumba cha Mbenji m'boma la Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi pachilumbachi chaka chilichonse kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo. Nthawi yotseka ikakwana, asodzi onse amachoka, ndipo tsiku lotsegulira pamakhala mwambo, nsembe imaperekedwa kwa makolo ndipo malamulo amakumbutsidwa pamaso pa onse. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa pachilumbapo, ndipo wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Patapita zaka pafupifupi 70, utaka wa ku Mbenji ukali kutchuka ndi kukula kwake, ndipo asodzi amachokera kutali kudzasodza kumeneko. Lamulo la ku Mbenji lakhalitsa chifukwa amene amalisunga ndi omwe amadya phindu lake, ndiponso chifukwa liwu la mfumu ndi ulemu wa kwa mizimu zili kumbuyo kwake. Nsomba ya pa Mbenji ndi ina, koma nzeru yake ndi yomwe mpasa akuisowa: nsomba ipatsidwe nyengo yake yoswana popanda wolowerera.

Umboni wochokera kutali

Ena angafunse ngati nsomba yofika pangozi yotere ingabwererenso. Yankho lilipo ku Arizona, m'dziko la America, pakati pa mtundu wa anthu otchedwa White Mountain Apache. M'mitsinje ya m'mapiri awo muli trout yachikasu imene sipezeka kwina kulikonse. Kudula mitengo, kudyetsa ng'ombe m'mbali mwa mitsinje, usodzi wopyola muyeso, ndi mitundu ya trout yachilendo imene inathiridwa m'madzimo zinaichepetsa mpaka inatsala m'timitsinje towerengeka ta pamwamba pa mapiri. Mu 1955 atsogoleri a mtunduwo anatseka usodzi m'timitsinje timeneto, boma la America lisanakhale ndi lamulo loteteza zamoyo zotsala pang'ono kutha. Boma linadzailemba nsombayo pa mndandanda wake mu 1967. Panatsatira ntchito ya zaka zambiri: kumanga zotchinga kuti nsomba zachilendo zisakwere, kuchotsa zimene zinalowa kale, kukonza magombe a mitsinje, ndi kuswetsa mazira m'maiwe. Mu Seputembala 2024 nsombayo inachotsedwa pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi. Kuchokera pa chigamulo cha akuluakulu a mtundu kufika pa tsiku limenelo panadutsa zaka 69. Ambiri mwa amene anatseka mitsinjeyo sanakhale ndi moyo kudzaona mapeto ake, anagwirira adzukulu.

Zimene zatsalira mbadwo uno

Nkhani ya mpasa sinafike pamapeto otero. Nsombayi ikali kukwera Bua, ndipo m'nyengo ya chisanu ikali kuoneka m'misika ya m'mbali mwa msewu wa kunyanja, pamtengo umene umasonyeza kusowa kwake. Mbewu ilipo, ndipo pamene pali mbewu munda ungadzalenso. Zofunika kuchita n'zodziwika, pakuti mbiri yazitchula kale. Pamathiriro a mtsinje pasatcheredwe matchera m'nyengo imene nsomba zamazira zikukwera. Biyo lisatseke mtsinje wonse, koma lisiye mpata. Katupe ndi masikito zisalowe m'madzi. Dimba lisiye mpata pakati pa mzere womaliza ndi mtsinje, ndipo pampatapo pamere bango, nsungwi ndi mitengo yachilengedwe. Madambo a kumtunda asungidwe, chifukwa ndiwo nkhokwe ya madzi a m'chilimwe.

Palibe mfumu imodzi, komiti imodzi kapena ofesi imodzi imene ingakwanitse zonsezi, pakuti mtsinje umadutsa m'maufumu ambiri. Mlimi wa kwa Mkanda ku Mchinji, mlimi wa kwa Santhe ku Kasungu ndi msodzi wa kwa Mphonde kapena kwa Kanyenda ku Nkhotakota amamwa madzi amodzi ngakhale sadziwana. Ichi n'chifukwa chake nkhaniyi ili yoyenera pa tsiku ngati lino, pamene mafumu a kumtunda ndi a kugombe akhala pabwalo limodzi, mbumba zawo zili pambuyo pawo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo bwalo la mwambo ndi amodzi mwa malo ochepa pamene eni gwero la mtsinje ndi eni mathiriro ake amaonana maso ndi maso.

Gule akaiwalika, nkhalamba imodzi yokumbukira mayendedwe ake ikhoza kuphunzitsa achinyamata, ndipo ng'oma n'kumvekanso. Nyimbo ikatayika, ina ikhoza kupekedwa. Mtundu wa nsomba ukatha palibe mmisiri amene angaubwezeretse, ndipo pamodzi nawo pamapita luso la kuluka mono, mayina a maiwe ndi madoko, ndi mawu onse amene makolo ankatchulira nyengo ya kukwera kwa nsomba. Makolo a m'mbali mwa Bua anasodza mpasa kwa mibadwo yambiri, komabe anasiyira ana awo mtsinje wamoyo. Mbadwo uno uli ndi zida zamphamvu kuposa zawo, anthu ochuluka kuposa a m'nthawi yawo, ndiponso chidziwitso chimene iwo analibe cha mmene nsombayi imaswanirana. Chimene udzasiyire ana ake chidzadziwika m'chisanu cha zaka zikubwerazi, madzi a Bua akadzayera ndipo anthu a kumathiriro akadzaima pagombe kudikira ngati nsomba zifike.